NDEMANGA: Ndalama za otsatsa malonda zikulowera pa foni, nanga wailesi ya kumudzi ikhalira chiyani?

Sitima ikaima pa Entre Lagos, aliyense amene ali ndi maso amaona kuti malonda asintha. Wogulitsa nsomba zouma za m'nyanja ya Chiuta kapena ya Chilwa amajambula katundu wake pa foni, natumiza kanemayo pa WhatsApp kwa ogula a ku Cuamba ndi a ku Nayuchi, tsidya la Malawi. Salipiranso munthu wolengeza. Amangogula mayunitsi a intaneti basi.

Zimene zikuchitika pa msika waung'onowu ndi zomwenso zachitika pa dziko lonse. Mu 2017 ndalama zotsatsira malonda pa intaneti zinaposa koyamba za pa wailesi ya kanema. Mu 2024 YouTube yokha inatolera ndalama zoposa madola 36 biliyoni kuchokera kwa otsatsa malonda. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wailesi ya kanema imagulitsa mphindi, ndipo siingauze mwini malonda kuti waonera ndani. Koma intaneti imawerenga munthu mmodzimmodzi, komwe ali ndi zimene amakonda, ndipo wotsatsa amalipira anthu okhawo amene akuwafuna.

Pa chifukwa ichi achinyamata ambiri akuti nthawi ya wailesi yatha, ndalama zili pa foni. Koma nkhaniyi ndi yofunika kuiona bwino.

Poyamba, YouTube imapatsa wojambula 55 pa 100 ya ndalama za malonda a pa kanema wake, zotsalazo zimapita ku kampani ya Google ku America. Ndiponso mtengo wa woonera suli umodzi. Wotsatsa amalipira zambiri kuti aonedwe ndi munthu wa ku London kapena Johannesburg, amene angagule galimoto mawa. Msodzi wa pa Chiuta mtengo wake ndi wochepa pa msika umenewo. Kanema wa Chinyanja, wa Chiyao kapena wa Chimakhuwa angathe kuonedwa ndi anthu zikwizikwi, mwini wake osapeza ngakhale ya thumba la feteleza.

Chachiwiri, intaneti sinafike kwa onse. M'Mozambique muno ogwiritsa intaneti ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu, ngakhale kuti Movitel, imene inayamba mu 2012, inafikitsa mafoni kumidzi yambiri. Mu Meyi 2024, bungwe la INCM litasintha mitengo, intaneti inakwera mpaka ophunzira anachita zionetsero ku Maputo, boma n'kuimitsa mitengoyo. Kumapeto kwa chaka chomwecho, chisankho chitatha, intaneti ya pa foni inadulidwa masiku ena. Wamalonda amene anaika chuma chake chonse pa foni anakhala manja lende.

Izi sizikutanthauza kuti wailesi ya kanema ndiyo inali kudyetsa Niassa. TVM, imene inayamba mu 1981 ngati wailesi yoyeserera, ndi STV ya mu 2002, likulu lawo lili ku Maputo, ndipo ndalama zazikulu za malonda zimathera komweko. Tsono kale ndalama zinali kupita ku Maputo, lero zikuoloka nyanja. Mecanhelas sanalawepo kale, ndipo sakulawa lero.

Amene ali pa ngozi kwenikweni ndi mawailesi a m'maboma. Rádio Moçambique ili ndi pogwira, chifukwa imalandira msonkho wa wailesi umene anthu amalipira pogula magetsi. Wailesi ya kumudzi ilibe zimenezo. Imakhalira timauthenga ta maliro, ta ukwati, ta mbuzi yosowa ndi ta eni masitolo. Timauthenga timeneti ndi tomwe tikusamukira pa WhatsApp. Komatu kolera itabuka m'Niassa mu 2022, ndiponso namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, gogo wopanda foni anamva chenjezo m'chinenero chake kudzera pa wailesi ya mabatire. Wailesi yotere ikazima chifukwa chosowa mafuta a jenereta, palibe kampani ya kunja imene idzabwere kudzalengeza kuti madzi akusefukira.

Choyenera kuchita chilipo. Oyendetsa mawailesi a m'maboma asaope foni. Aziika mapologalamu awo pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma malonda azigulitsa okha kwa amalonda a pamalopo, mtengo umodzi wolengeza pa wailesi ndi pa foni pomwe, m'malo modikira makobidi ochokera kunja. Makampani a njanji ya ku Nacala, a mafoni, ndi ogula fodya ndi thonje, amene amapindula ndi dera lino, apatule gawo la ndalama zawo zotsatsira malonda lipite ku mawailesi olankhula zinenero za anthu. Nawo maofesi a boma, polengeza za katemera kapena za kalembera, ayambe ndi wailesi ya pafupi ndipo azilipira pa nthawi yake.

Akulu akale anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mabiliyoni a YouTube alipodi, koma kwa munthu wa pa Entre Lagos akadali pachala. Wamalonda amene amalipira ma meticais ochepa kuti dzina la sitolo yake limveke pa wailesi akulipiriranso chenjezo limene lidzadzutse ana ake usiku wa chigumula.