Mphamvu za M'mapiri Sizigoletsa Zokha

Aliyense amene anakwerako mapiri a Misuku, kumene nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zimafunda nkhungu kufikira dzuwa litakwera, ndi kumene mwana amakula akutsikira kuchigwa kukatunga madzi ndi kukwera chitunda popita kusukulu, adzavomerezana nane kuti Namalenga anawaninkha anyamata ndi asungwana a dziko limenelo cholowa chimene matimu a m'mizinda amachifunafuna ndi thukuta ndi ndalama, ndicho miyendo yolimba ndi chifuwa chosatha mpweya msanga. Komatu mphatso yomweyi ndiyo yanyenga ambiri, pakuti mnyamata amene sanatopepo pabwalo saona chifukwa chophunzirira kanthu kena.

Taonani chizolowezi cha m'midzi mwathu. Madzulo, ntchito ya kumunda itatha, anyamata amasonkhana pabwalo la sukulu, nagawana mbali ziwiri, ena navula malaya kuti adziwike, ndipo amathamangitsana ndi mpira umodzi kufikira mdima utawabalalitsa. Akafika kwawo amanena mokondwa kuti achokera kokonzekera. Indetu asewera, ndipo sindiwaletsa chimwemwe chimenecho, koma kukonzekera ndi chinthu china. Pamene anthu 22 alimbirana mpira umodzi, aliyense amaukhudza kwa mphindi zowerengeka chabe, ndipo amaukhudza ndi phazi lomwe alizolowera kale, poopa kusekedwa ndi anzake. Koma iye amene aima yekha pakhoma la njerwa kwa theka la ola, namenyetsa mpira kukhomako ndi phazi lamanzere, naulandira ukamabwerera, tsopano ndi m'kati mwa phazi, tsopano ndi ntchafu, tsopano ndi chifuwa, akudzutsa mutu kuyang'ana uku ndi uku mpirawo usanamufike, ameneyo amaukhudza mazanamazana, ndipo akuphunzitsa thupi lake zimene mpikisano sudzaliphunzitsa. Ntchito imeneyi njotopetsa mtima, ilibe oombera m'manja, ndipo mpake kuti ambiri amaithawa. Ngakhale bwalo lathu lopendekeka ndi la mabampu, limene timalidandaula nthawi zonse, ndi mphunzitsi wabwino, popeza woziziritsa mpira wodumphadumpha pamenepo sadzavutika pa kapinga wosalala.

Tonse tikukumbukira chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, pamene anaona goloboyi atasuntha pagolo, nauponya mpira kuchokera kutali, dziko lonse niliimirira, ngakhale masewerowo tinagonja 2-1. Ana ambiri anayesa kutsanzira m'mawa mwake, nadabwa kuti mpira sukuwamvera. Ine ndikuti phazi silichita pamaso pa khamu chimene silinachite kambirimbiri popanda woona. Chimodzimodzinso ana a Chawinga, Tabitha ndi Temwa, ochokera ku Rumphi, dziko la mapiri ngati lathu: liwiro anabadwa nalo, koma liwiro lokha silikanampatsa Temwa zigoli 20 mu ligi ya ku America m'chaka cha 2024, pakuti kuthamanga sikufika, ndipo othamanga ngati mphepo amene amaphonya golo lili pululu tili nawo m'mudzi uliwonse.

Mlimi wa khofi wa ku Misuku sasowa womuuza zimenezi, iye amene amalera mbande ku nazale, naiwokera, naiphimbira, naitengulira zaka zitatu asanathyolepo chipatso, osakwiyira mtengowo chifukwa chochedwa. Chondidabwitsa n'chakuti bambo yemweyo, mwana wake akabwera ndi mpira, amayembekeza kuti chaka chamawa amumve pa wailesi, ndipo zikalephereka amati mpira ndi ulesi.

Khomo lilipo, ndipo silili kutali monga kale. Timu ya Chitipa United inafika mu Super League, ndipo ngakhale inakhala nyengo zingapo ikulandirira alendo ake ku Karonga chifukwa chosowa bwalo loyenera kwawo, inaonetsa kuti mwana wa boma lathu la Chitipa angathe kuima maso ndi maso ndi a Bullets, a Wanderers ndi a Silver. Koma mphunzitsi wa timu yotere, pobwera kudzasankha osewera, safunsa kuti wakwera mapiri angati. Amamuponyera mpira kuphazi lofooka, naona ngati ukhala kapena uthawa.

Chotero ndikupempha akuluakulu athu, mafumu, aziphunzitsi ndi eni malonda, makamaka iwo amene amakonza mabonanza a tsiku limodzi nyengo ya Khirisimasi kapena zisankho zikayandikira, kuti alingalire bwino kumene ndalama zawo zikupita. Mphoto ya tsiku limodzi imagawidwa usiku womwewo, ndipo pofika Lolemba palibe chotsala. Koma ndalama zomwezo zikadagula mipira khumi ya sukulu imodzi, ana awiriawiri akadakhala ndi mpira wawo wopatsirana m'malo mwa chikulunga cha mapepala, ndipo mphunzitsi mmodzi wodzipereka akadawaimika m'mizere kawiri pa sabata, asungwana pamodzi ndi anyamata, kuyambira a sitandade 3 amene mapazi awo sanaumebe.