Musagulitse Munda wa Amalume Chifukwa cha Kanema wa pa WhatsApp

Amalume anga amakhala kwa T/A Nsabwe ku Thyolo, ndipo atchola tiyi m'maesiteti kuyambira ndisanabadwe. Chaka chino anayamba kudandaula kuti akakwera chitunda dengu lili kumsana, pachifuwa pamathina ngati wina wawapsinja ndi mwala, ululu n'kumatsikira kumkono wamanzere. Akakhala pansi mphindi zochepa, zimatha. Azachipatala anawauza kuti ndi angina: mitsempha yopereka magazi ku mnofu wa mtima yachepa njira, ndiye mtima ukafuna magazi ambiri pa ntchito yolemetsa, safika okwanira.

Sabata isanathe, msuweni wanga wa ku Johannesburg anaponya kanema pa gulu lathu la banja. Munali bambo wina atagona pabedi, miyendo yokulungidwa ndi zinthu zofufuma, wolengeza akuti iyi ndi "bypass yopanda mpeni" ya ku India. Pofika madzulo anthu anali atayamba kuwerengera mtengo wa munda wa nthochi wa amalume. Ine ndinakana, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, popeza ambiri a ife ophunzira ndife amene mabanja amatifunsa nkhani ngati izi.

Makinawo ndi enieni, dzina lake ndi EECP. Wodwala amagona chagada, amamumanga malamba ofufuma ndi mpweya m'akatumba a miyendo, m'ntchafu ndi m'matako, ndipo kompyuta imatsatira kugunda kwa mtima wake. Mtima ukamapumula pakati pa kugunda, malambawo amafinya kuchokera kumunsi kukwera kumtunda, kukankhira magazi kubwerera ku mtima. Nthawi yomweyo ndi imene mitsempha ya mtima imalandira magazi ake ambiri. Mtima ukamayamba kupopa, malambawo amaphwa msangamsanga kuti upope mopepuka. Lingaliroli linayambira ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo madokotala a ku Guangzhou ku China, motsogozedwa ndi Zheng Zhen-Sheng, ndiwo analikonza kufika pa makina a masiku ano. Chithandizo chonse ndi maola 35: ola limodzi patsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 7.

Tsopano tiyeni tione umboni, osati kanema. Kafukufuku wodziwika kwambiri ndi MUST-EECP wa mu 1999, wa odwala 139 okha. Ena anawafinya mwamphamvu, ena mongonamizira. Ofinyidwa mwamphamvu ululu unkawabwera mocheperako, koma kutalika kwa nthawi imene ankatha kuchita masewera oyesera mtima sikunasiyane kwenikweni ndi anzawo, ndipo ambiri anadandaula kupweteka kwa miyendo ndi kusupuka khungu. Akatswiri a Cochrane ataunika nkhaniyi mu 2010 anapeza kuti umboni ndi wochepa. Mu 2011 bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linanena kuti EECP isamaperekedwe kwa odwala angina yokhazikika. Madokotala a mtima ku America ndi ku Ulaya amangoti ingaganiziridwe kwa munthu amene mankhwala onse alephera ndipo opaleshoni siingatheke. Makinawa sachotsa mafuta otseka mtsempha. Kuwatcha bypass ndi malonda basi. Komanso saloledwa kwa munthu amene BP yake ndi yokwera kwambiri yosalamulirika, amene magazi anaundana m'mitsempha ya m'miyendo, kapena amene valavu ya aorta ikudontha kwambiri.

Onani pamene pali bodza. Amalume sanafike poti mankhwala alephera. Sanayambe n'komwe kumwa mankhwala mwandondomeko. Wodwala angina amayamba ndi zinthu zodziwika: aspirin wochepa mphamvu tsiku lililonse ngati dokotala wavomereza, statin wotsitsa mafuta m'magazi, atenolol kapena amlodipine, ndi kapiritsi ka nitroglycerin koika kunsi kwa lilime ululu ukayamba. Kuonjezera apo kusiya fodya, kuchepetsa mchere, kuyezetsa shuga ndi BP. Zonsezi pamodzi kwa chaka sizingafike pa mtengo wa tikiti ya ndege yopita ku India, osanena za malo ogona ndi chakudya cha anthu awiri kwa masabata 7. Ndipo akabwerako, munda utapita, mapiritsi omwewo adzawafunabe moyo wawo wonse. Adzagula ndi chiyani?

Wina anandiyankha pa gulupo kuti, "Ndiye ukufuna amalume afe chifukwa ndi osauka? Olemera amapita kunja." Funsoli limapweteka, ndipo lili ndi choonadi chake: a ndalama amakwera ndege, otchola tiyi amakwera kabaza. Koma mkwiyo umenewu tiulozetse koyenera. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Umenewu ndiye muzu wa matenda ambiri a mtima ndi sitiroko. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo dziko lathu zaka zambiri silifikapo. Ku Neno anasonyeza kale kuti kiliniki ya matenda a mgonagona ingayende bwino kumudzi kwenikweni. Chimene munthu wa kwa Nsabwe akusowa ndi makina oyezera BP okhala ndi mabatire, ECG pafupi, mankhwala osatha pakati pa mwezi, ndi msewu woti ambulansi idutse kuchokera ku Thekerani kukafika ku Thyolo boma kapena ku Queens nthawi ya mvula. Maesiteti amene amapindula ndi misana ya anthuwa nawonso ayenera kuwayeza BP chaka chilichonse ndi kumusinthira ntchito yopepuka amene mtima wayamba kuvuta, osati kudikira agwere m'munda.

Ife amene tinapita ku yunivesite tili ndi mlandu wathu. Timatumiza makanema tisanawerenge, ndipo kumudzi amakhulupirira chifukwa watumiza ndi "mwana wophunzira". Musanakanikize batani, funsani mafunso atatu: anayesa pa anthu angati, akugulitsa ndani, nanga wodwala wathu wayamba wamwa mankhwala oyambirira?

Ndinawaimbira amalume n'kuwauza kuti, "Amalume, munda usagulitsidwe. Mapiritsi musadumphitse, ndipo ululu ukabwera muli chikhalire osatha, musadikire kuche, thamangirani kuchipatala." Iwo anaseka n'kuti, "Mphwanga, ine ndege ndimaiopa kale." Mwezi uno tasonkha ndalama ya mayendedwe opita kukiliniki ndi kamakina koyezera BP kunyumba. Nthochi zija zikadali zawo.