Pampu Iyenerane ndi Citsime Canu

Inu alimi a ku Kaumbwe, ndi inu nonse a m'maboma a Petauke ndi Nyimba, tamverani mau awa musanataye ndalama zanu pa pampu.

Simunaiwale cilala ca 2024, pamene cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Caka cimeneco munthu wa dimba m'dambo anali ndi pothawira. Cifukwa cace kufuna pampu ndi nzeru. Koma ife tikuti: yambani mwayesa citsime canu, ndipo pampu muisankhe pambuyo pace.

Citsime ca m'dambo cidzala pang'onopang'ono, pakuti madzi acita kudontha m'mcenga. Pampu ya petulo ya mainchi awiri ikhoza kukoka malita oposa 20,000 pa ola limodzi. Citsime cacing'ono ciphwa msanga, pampu niyamba kumeza matope ndi mpweya. Ndipo pampu yoyenda yopanda madzi itentha ndi kuonongeka. Kumbukiraninso kuti madzi a pansi pa dambo ndi amodzi. Mukakoka mopitirira, citsime ca mnansi wanu citsika, ndipo mlandu ufika kwa anyakwawa.

Yesani zinthu zitatu. Coyamba, dimba. M'nyengo yotentha ndiwo zamasamba zifuna malita ngati 6 pa tsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Dimba la mamita 25 m'litali ndi 20 m'lifupi lifuna tsono malita 3,000, ndizo ndowa 150 za malita 20. Caciwiri, citsime. Tungani madzi onse, ndipo mawa lace muwerenge ndowa zimene zabwereramo. Citani ici mu October, pamene madzi ali pansi penipeni. Citsime ca mu May cinyenga. Cacitatu, kuya. Pampu yokhala pamtunda siikoka bwino madzi akuya koposa mamita 7, ngakhale ikhale ya injini yamphamvu.

Mukayesa cotere, ambiri mudzaona kuti pampu yoponda ndi mapazi ikwanira. Pampu iyi inayambira ku Bangladesh, ndipo inafika m'Zambia m'zaka za m'ma 1990. Pa citsime cosaya ipereka ngati lita imodzi pa sekondi, kotero dimba lija lithiriridwa pa ola limodzi, popanda petulo.

Wina adzati, kuponda kutopetsa miyendo. Tibvomera. Amene ali ndi dimba lalikuru pafupi ndi damu kapena mtsinje wosaphwa agule ya injini kapena yoyendera dzuwa. Koma iyenso ayambe wayesa madzi ace.

Pampu ikafika, nchito yotsala ndiyo kuweta madzi. Pofuna kucepetsa madzi a pampu ya injini, tsekani pang'ono paipi yoturutsa. Musapanikize konse paipi yokoka. Kukamwa kwa paipi yokoka mangani sefa, ndipo isagone pa matope. Pamene madzi agwera ikani mwala kapena thumba, kuti asakumbe nthaka ndi kukokolola manyowa. Thirirani m'mawa kapena madzulo, bedi limodzi pa nthawi, ndipo mulifunditse ndi udzu wouma.

Inu a maiwe a nsomba, musalole madzi kulowa ndi kuturuka tsiku lonse. Madzi obiriwira aja ndiwo cakudya ca nsomba, ndipo manyowa anu ndiwo anawabiriwitsa. Onjezani okhawo amene aphwa ndi dzuwa.

Akuru anati madzi akatayika saoleka. Ndalama za mtedza wanu nazonso ziri comweco. Tengani ciwerengero ca ndowa zanu, mupite naco kwa mlangizi wa zaulimi wa kwanuko, ndipo pocoka kumeneko mukagule pampu.