Ng'ombe Zikudya Munda wa Mawa

Acinyamata anzanga a ku Chadiza, pa msonkhano wathu wapitawu wina anati: "Munda ukaguga usiyireni ng'ombe, ndowe zidzaucilitsa." Ambiri munaomba m'manja. Ine ndikukana!

Pitani ku munda mu Seputembala mukaone nokha. Ng'ombe zongomasulidwa zadya mapesi onse, zapondaponda nthaka, ndowe zauma gwa pa dzuwa. Mvula yoyamba idzakokolola zotsalazo kunka nazo ku Nsadzu. Kodi kumeneko ndiko kucilitsa?

M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Msekera, ku Chipata, anaonetsa kuti jelejele akakhala m'munda zaka ziwiri, cimanga cimabala bwino popanda feteleza. Cinabvuta n'ciani? Ziweto, ndi moto wa osaka mbewa. Mpaka Kalonga Gawa Undi ndi Mpezeni anaika malamulo oteteza mitengoyo. Ndani mwa ife akuwasunga?

Sindikuti gulitsani ng'ombe ai, atate angandipitikitse pamudzi. Zitsekereni m'khola, muzizitutira cakudya, manyowa apite ku munda pa ngolo. Cilala ca 2024 cinatipeza ndi minda yoguga. Sabata ino kafunseni a nyakwawa: ng'ombe ikadya mitengo yanga, adzalipira ndani?