Anthu a ku migodi si zitsiru, siyani kuwagulitsa pulasitiki n'kumati ndi chikopa

Abale anga a geni ya pa boda, ndi inu madalaivala amene mumatinyamulira katundu, lero ndilankhula mosapsatira. Pali mawu amene afala pakati pathu, oti "ku Kwekwe ndi ku Shurugwi ingotengerako zowala, makorokoza akagwira golide sayang'ana kawiri." Ndawamvapo pa Nyamapanda, ndawamvanso pa Beitbridge tikudikira mapepala. Mawu amenewa ndi bodza, ndipo akutha mipamba ya anthu.

Inenso ndinawakhulupirira. Ulendo wina ndinapikula jombo ku Joni, zonyezimira, bokosi lake lolembedwa kuti ndi chikopa. Ku Shurugwi zinatha masiku awiri okha. Nditabwerako mwezi wotsatira, bambo wina wachikulire, amene makolo ake anachokera ku Dedza, anandiimika pa msika atanyamula jombo ija m'manja. Soli inali itayasama ngati pakamwa pa mlamba, pamwamba pakusupuka. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ife tinagula chifukwa umalankhula chinenero cha kwathu." Ndalama ndinabweza, koma dzina silinabwerere msanga. Zinanditengera chaka kuti anthu a kumeneko ayambenso kuima pa katundu wanga.

Kodi mukudziwa kumene mukupititsa nsapato zanu zafekizo? Midlands ndi kwawo kwa nsapato. Fakitale ya Bata ili ku Gweru kuyambira 1939, mzindawu ukadatchedwa Gwelo, ndipo zikopa amafufuta konko. Anthu a ku Gweru, Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane anakula akuvala Toughees popita kusukulu. Munthu wotere mukamupatsa pulasitiki, amaizindikira ndi chala asanafunse n'komwe mtengo. Amene sanaizindikire tsiku logula, mgodi umamuuza pasanathe mwezi, chifukwa miyala, matope ndi madzi a m'maenje nthawi ya mvula sizinyengerera nsapato.

Kumbukiraninso kuti matauni amenewa ndi ang'onoang'ono. Si Harare kumene kasitomala amagula n'kusowa. Wa ku Unki, wa ku Mimosa ndi wa ku Zimasco amadziwana ndi wa pa shopu, wa minibasi ndi wa ku tchalitchi. Ambiri amatenga katundu pa ngongole kudikira malipiro a kutha kwa mwezi. Nsapato ikang'ambika tsiku la malipiro lisanafike, mukuganiza kuti akulipirani? Wina anganene kuti, "Ine ndimangodutsa, sindibwererako." Chabwino, koma wobwera pambuyo panu ndi Mmalawi mnzanu, ndipo iyeyo ndi amene adzamve kuti katundu wa Amalawi ndi feki.

Ndikudziwa yankho lanu: zabwino ndi zodula, anthu alibe ndalama. Zoona, Ziscosteel itaima mu 2008 Redcliff inagwa, ndipo Zvishavane inavutika mgodi wa Shabanie utasiya kugwira ntchito. Koma munthu wosauka ndi amene amawerengera kwambiri. Tinene kuti jombo ya madola 15 ikutha miyezi iwiri, ndiye kuti pa chaka waononga madola 90. Ya madola 40 ikamufikitsa chaka, wapulumutsa madola 50. Masamu amenewa mayi wa pa nyumba amawadziwa kuposa ife. Sindikuletsa kugulitsa zotchipa ayi. Ndikuletsa kunama. Ngati ndi pulasitiki, nenani kuti ndi pulasitiki, muike mtengo wa pulasitiki.

Tsono posankha nsapato, musadalire bokosi. Tengani imodzi muinunkhize: chikopa chili ndi fungo lake, pulasitiki imanunkha guluu ndi mankhwala. Yang'anani m'mphepete momwe anadula, pa lilime kapena pafupi ndi mabowo a zingwe. Chikopa chenicheni chimaoneka cha ulusiulusi kuyambira pamwamba mpaka pansi, pamene feki imakhala ndi kansalu kapena kathonje komatidwa kuseri. Dinani ndi chala chachikulu: chikopa chimachita timakwinya n'kubwerera, ndipo timabowo take sitifanana ngati tosindikiza. Nsapato zambiri zimakhala ndi kachizindikiro mkati: chooneka ngati chikopa choyanika chimatanthauza chikopa, chooneka ngati dayamondi chimatanthauza zinthu zina. Kenako pindani soli ndi manja onse awiri. Pakaoneka mpata pakati pa soli ndi pamwamba, isiyeni. Yosokedwa imaposa yongomata, chifukwa wosoka nsapato wa pa msika angathe kuikonza.

Pa jombo za chitsulo kutsogolo ndiye ndikugwadireni, musaseweretse moyo wa munthu. Migodi ikuluikulu imapatsa antchito ake zodzitetezera, choncho amene amagula kwa ife ndi makorokoza ndi anyamata a ganyu, amene alibe wowayang'anira. Jombo yovomerezeka pa muyezo wa ISO 20345 imayenera kupirira mphamvu yofanana ndi mwala wa makilogalamu 20 wogwa kuchokera pamwamba pa mita imodzi. Ngati mutha kubonyola kutsogolo kwake ndi chala, imeneyo si jombo ya ku mgodi. Mukaigulitsa ngati yoteteza, zala za munthu zikaphwanyika m'dzenje mlandu wake uli pa inu, ngakhale palibe wokutengerani ku khoti.

Pa majinzi nkhani ndi yomweyo. Mwina simudziwa kuti jinzi inayamba ngati chovala cha ntchito. Mu 1873 Levi Strauss ndi telala wina dzina lake Jacob Davis analembetsa ku boma la America njira yokhomera timisomali ta mkuwa m'makona a matumba, kuti asang'ambike kwa anthu ogwira ntchito zolemetsa, kuphatikizapo a m'migodi. Ndiye ife lero tikutengera anthu a m'migodi majinzi opyapyala oti ukayang'anitsa pa dzuwa kuwala kumadutsa? Werengani kapepala ka mkati. Ya ntchito ikhale ya thonje lokhalokha, kapena thonje 98 pa 100 ndi kotanuka pang'ono. Yotanuka kwambiri imatha msanga pakati pa ntchafu ndipo imachita matumba m'maondo. Ngati alemba kulemera kwa nsalu, 12 oz mpaka 14 oz ndiyo ya ntchito, yochepera 10 oz ndi yotchenera Loweruka basi. Itembenuzeni muone msoko wa pakati pa miyendo ngati uli wa mizere iwiri, kokani malupu a lamba, tsegulani ndi kutseka zipi kangapo. Pakani kansalu koyera konyowa: jinzi yatsopano imasiya buluu pang'ono, koma kansalu kakada bii, dziwani kuti ikachapidwa kawiri idzasanduka sanza.

Za kutchena sindikuzinyoza. Mnyamata akagulitsa golide wake amafuna kuoneka bwino m'tauni, ndipo ali ndi ufulu. Mutengereni yokongola, koma yomukwana. Munthu wa fosholo ndi nyundo amakhala ndi ntchafu ndi akatumba, jinzi yothina imamung'ambikira tsiku loyamba kunjuta. Zowongoka miyendo ndi zomwe zimayenda, zothina tengani zochepa. Yendani ndi tepi ya telala, chifukwa 34 ya fakitale ina ndi 32 ya fakitale inzake. Nsapato kuno timawerenga saizi ya UK, ndipo 42 ya ku Ulaya ndi pafupifupi 8. Kasitomala ayese zonse ziwiri atavala sokosi zokhuthala, makamaka madzulo phazi litatupa, ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chachikulu.

Ena mukuti njira ndi kaunjika, poti m'belo mumapezeka zenizeni. Zimapezekadi, koma musaiwale kuti boma la Zimbabwe linalengeza mu 2015, kudzera mwa nduna ya zachuma Patrick Chinamasa, kuti zovala ndi nsapato za kaunjika zisamalowe m'dzikomo. Funsani a ZIMRA musanamange katundu. Belo ikalandidwa pa boda, mpamba wapita, ndipo dalaivala amene anakubisirani ntchito yake ili pa chiswe.

Inu madalaivala, nanunso dzisamaleni. Kutsika Boterekwa ndi matani 30 kumbuyo utavala nsapato ya soli yoterera kapena patapata ndi kudziika pa ngozi. Gulani ya chikopa, ya soli ya rabala yogwira pa buleki, ndi jinzi yosathina m'chiuno poti mumakhala pansi tsiku lonse. Mukanyamula katundu wathu musaike makatoni a nsapato ponyowa, chikopa chimachita nkhungu.

Bambo wa ku Shurugwi uja pano ndi kasitomala wanga. Ndikafika amatenga jombo, kuinunkhiza, kuipinda, kenako n'kuitana anyamata ake. Ulendo uno mukapita kokaoda, chitani zomwezo pamaso pa mwini shopu. Akakuletsani kupinda nsapato yake, tulukani mukagule kwina.