Thandala la Mbale Lisadikire Abambo

Mwera wapita, dzuwa la Okutobala lafika pachimake, ndipo sipatenga nthawi mitambo iyamba kusonkhana kumapiri a ku Dedza. Ino ndiyo nyengo yokonza zapakhomo zimene mvula ikazipeza zosakonzeka imatichititsa manyazi. Mlungu uno ndafuna kuti tikambirane za ntchito ya mitengo ndi misomali, makamaka thandala loyanikapo mbale, limene ambiri a ife timasiyira abambo ngati kuti manja athu ngopuwala.

Tayendani m'midzi yathu ino ya kwa Maganga, kuyambira ku Senga Bay mpaka kumene Linthipe amathira m'nyanja, muone kuseri kwa makhitchini. Makomo ambiri mupeza mbale zotsukatsuka zili m'beseni pansi, galu akununkhiza, nkhuku zikuponda, mbuzi nayo ikunyambita mthiko. Mukafunsa, yankho limakhala limodzi lokha: "Ndinawauza bambo a kunyumba kuno, anati akonza akachoka kunyanja." Komatu mlovi amalowa m'madzi madzulo, nakoka chilimira usiku wonse, nabwera m'mawa maso ali psuu. Akadzuka pali ukonde wofuna kusoka. Usipa ukasowa kuno, asamukira kudoko lina, osaoneka milungu ingapo. Sindikuwanyoza ayi, ntchito ya panyanja njowawa. Ndikungonena kuti mawa lawolo silifika, pamene ana amadya tsiku ndi tsiku.

Nkhaniyi si yaukhondo wongodzionetsera kwa alendo. Amayi achikulire akukumbukira kuti kolera anafika m'dziko muno koyamba mu 1973, ndipo ntchito ya alangizi a zaumoyo amene timawaona m'midzi lero inakula m'zaka zimenezo pamene Boma linkalemba anthu othandiza kulimbana ndi matendawa. Achitsikana nanunso mwaona ndi maso anu. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo boma lathu la Salima linali limodzi mwa maboma amene analira maliro ambiri. Kunena zoona, thandala palokha silingathamangitse kolera. Pafunika chimbudzi, madzi owiritsa kapena othira klorini, ndi kusamba m'manja ndi sopo. Koma mungawiritse madzi bwanji, ngati chikho chomwera chagona pamchenga pomwe madzi a mvula adutsa kuchokera kuthengo, ntchito yanu yonse yapita pachabe. Mbale ikakhala pamwamba, madzi amatsika, mphepo imaiumitsa, ndipo dzuwa lathu lakunyanjali limamaliza zotsala.

Ena a inu mukuti, "Nanga mkazi n'kugwira hamala?" Inu amene mumawaza chipika cha nkhuni ndi nkhwangwa, inu amene mumanyamula munsi kusinja chimanga mpaka thukuta kamukamu, kodi kansomali ka mainchesi atatu n'kamene kakuopseni? Munsi ngolemera kuposa hamala, ndipo amene saphonya pakamwa pa mtondo sangalephere kumenya mutu wa msomali. Chala mudzadzimenya kamodzi kapena kawiri, palibe anafa nacho.

Poyamba sankhani mitengo, pakuti apa mpamene pagona mutu wa nkhani. Mufunika mphanda zinayi zoongoka, kunenepa kwake ngati mkono wanu, mitanda iwiri yogoneka pamphandapo, ndi nsungwi zoyala pamwamba. Mphanda zabwino kwathu kuno ndi za keshya ndi za nimu. Mitengo iwiriyi ili pafupifupi pakhomo lililonse, ngolimba, chiswe sichiifulumirira, ndipo mukadula nthambi imaphukanso, choncho simunaphe mtengo. Malaina ngopepuka ndi ofewa pocheka, ngabwino pa timatabwa ta m'nyumba, koma m'dothi lonyowa sakhalitsa. Bulugamu ngolimba ndithu, vuto lake akauma amang'aluka pokhoma msomali. Mlambe musauvute, m'kati mwake nchinkhupule chokhachokha. Msangu wa m'munda ndiye musauyandikire n'komwe ndi nkhwangwa. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, chimanga cha patsinde pake chimaposa china, ndipo mbuzi zimadya zipatso zake m'chilimwe. Kudula msangu chifukwa cha thandala nkugulitsa ng'ombe kuti ugule chingwe.

Ndiwonjezepo apa kuti phiri la Senga ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo zilumba za Maleri zimene timaziona tili padoko zili m'malo osungidwa a Lake Malawi National Park kuyambira 1980. Musatume mwana wanu kapena mlovi aliyense kuti akakudulireni mphanda kumeneko. Mlombwa, mbawa ndi mphingo yatsala yowerengeka, ndipo anyamata osema ziboliboli m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay angakuuzeni okha mtunda umene mtengo wabwino umachokera masiku ano. Mitengo yotere siyoyanikapo mbale.

Nsungwi nazo zili ndi mwambo wake. Yaing'ono, yobiriwira monyezimira, imakhala ndi zotsekemera m'kati zimene tizilombo timakonda, ndipo pakangopita miyezi yochepa mudzaona ufa ukugwa, yafumbwa. Sankhani yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposa, yodulidwa m'chilimwe. Ngati mungathe, ivikeni m'madzi milungu iwiri kapena itatu, kenaka iume pamthunzi. Madzi amatsuka zotsekemerazo, tizilombo n'kusowa chofuna. Koma posankha poviika samalani. Kumathiriro a Linthipe ndi m'mabango kuli ng'ona, ndipo thandala silofera munthu. Kumene nsungwi zavuta, bango lokhwima limagwira ntchito, kungoti muzilisintha chaka ndi chaka.

Tsono malo. Thandala likhale padzuwa, pafupi ndi khitchini, kutali ndi chimbudzi ndi khola. Musaliike pansi pa mtengo wa mango chifukwa chofuna mthunzi potsuka, mbalame zidzakuonongerani mbale. Lembani pansi ndi kamtengo: m'litali mapazi anu asanu, m'lifupi atatu, zakwana banja. Kumbani maenje anayi m'makona. Dothi lathu lambiri kuno ndi mchenga, choncho dzenje lakuya ngati chikhatho silithandiza. Lowetsani mkono mpaka chigongono chibisike, ndipo mukapitirirako pang'ono mwachita bwino. Mphanda idulidwe kuti ikalowa m'dzenjemo, pamwamba pake pafike m'chiuno mwanu. Likafupika, galu afikira. Likatalika, mwana wanu wamkazi adzakwera pamtondo kuti atenge mbale, tsiku lina n'kugwa nazo.

Musanazike, sendani makungwa onse, pakuti chiswe chimayambira m'kati mwa khungwa. Kenaka waulani kumatako kwa mphanda pamoto mpaka kude ngati khala, mbali yonse yolowa pansi ndi chikhatho chimodzi pamwamba pake. Mukapeza oyilo wakuda wotha ntchito kwa okonza injini za maboti kapena njinga zamoto, pakani kumatako komweko, koma asafike pamwamba pokhudza mbale. Pokwirira thirani phulusa ndi timiyala, muzitsendera ndi munsi wakale pang'onopang'ono, osati kukankhira mchenga wonse nthawi imodzi ndi phazi.

Gonekani mitanda iwiri ija pamphanda. Ng'ambani nsungwi pakati ndi chikwanje, palani m'mbali mwake kuti zisacheke zala, ndipo muziyale chovundikira, msana kumwamba. Mukaziyala chagada zimasanduka timigula tosunga madzi, ndiye kuola kwayamba. Pakati pa nsungwi ndi inzake pasiyidwe mpata wa chala chimodzi, wokwanira madzi kudutsa koma wosagwetsa supuni. Nsungwi sikonda msomali, imang'ambika. Mangani ndi linya, kapena luzi ngati linya palibe, podziwa kuti luzi limatha msanga ndi mvula. Pomwe pafunika msomali, monga polumikiza mtanda ndi mphanda, nachi chinsinsi cha amisiri: imikani msomali chadodolido pamwala, muumenye pang'ono kunsonga kuti ubunthe. Msomali wobuntha umaboola mtengo, wakuthwa umaung'amba.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale abambo ambiri amaiwala, n'chifukwa chake mathandala ochuluka amapendama ngati woledzera mwera ukangoomba. Mitengo inayi yoimirira ndi yogona pamwamba singadzigwire yokha. Tengani kamtengo kena, mukhome mopingasa kuchokera kumunsi kwa mphanda imodzi kufika kumutu kwa inzake. Chitani chomwecho kumbali yaitali ndi kumbali yaifupi. Mukatero ligwedezeni ndi manja awiri, mudzamva lokha kuti laima. Taonani m'denga la tchalitchi kapena la mzikiti, mudzapeza matabwa opingasa omwewo. Pomaliza kumbani kadzenje pansi pa thandala, mudzazemo miyala, kuti madzi otsukira azilowa pansi m'malo mochita chithaphwi cha udzudzu ndi abakha. Amayi awiri amene akonzeratu mitengo yawo amamaliza zonsezi dzuwa lisanafike paliwombo.

Dzanja likazolowera, zina zimabwera zokha. Chivundikiro cha pachimbudzi ndi kathabwa kokulirapo kuposa bowo, ndi kamtengo kotalika kokhomera pakati kogwirira, misomali iwiri basi, ntchentche zasowa njira. Mpondagiya ndi mphanda ziwiri, mtanda umodzi, chigubu cha malita asanu choboola ndi msomali wamoto, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Timatabwa ta zimenezi simuyenera kugula. Pemphani zidutswa kwa kalipentala, kapena funsani mwini boti lothyoka limene langogona padoko. Matabwa ake anakhwima ndi madzi ndi dzuwa. Koma pemphani, musangozula, kuopa kukathera kubwalo la amfumu. Misomali yadzimbiri muzule ndi kuisunga m'chitini, isamwazike pabwalo pomwe ana amayenda opanda nsapato. Ikamubaya wina, tsukani bala ndi sopo ndipo thamangani naye kuchipatala, kafumbata sachedwa.

Inu amayi ageni ya usipa, luso lomweli ndilo la thandala la nsomba, kungoti limatalika ndipo mphanda zimachuluka. Mukudziwa nokha kuti usipa wouma pamchenga umalumitsa mano, ndipo ogula a ku Lilongwe akangoulawa amatsitsa mtengo. Mukudziwanso kuti thandala lobwereka limadya phindu, ndipo tsiku limene usipa wafa kwambiri mwini wake amayamba wayanika wake, wanu uli m'beseni kufewa. Lanulanu mulipendeketse pang'ono kuti madzi azitsika, muyalepo mphasa za bango kapena ukonde wakale wa asodzi. Masikito a kuchipatala ayi. Amenewo anapatsidwa kuti mwana agonemo, ndipo malungo a kunyanja kuno simufunika kuuzidwa ndi ine.

Za zipangizo, ndikudziwa kuti ndalama yavuta, ndipo si nyumba iliyonse ingagule sowo. Paja mutu umodzi susenza denga. M'gulu lathu tinapatula kangachepe pogawana za banki mkhonde n'kugula hamala, sowo ndi misomali yosakaniza ya mainchesi awiri, atatu ndi anayi. Zimakhala kwa msungichuma, ndipo wobwereka amalembedwa m'kope ndi tsiku lobweza. Lamulo lathu lalikulu ndi lakuti zipangizo za gulu sizipita kudoko. Hamala ikangopita kukakhoma boti, mwaiiwale, idzayenda dzanja ndi dzanja mpaka ku Nkhotakota. Sowo isachekere mtengo wamchenga kapena wamisomali, ndipo mukamaliza ipukuteni ndi kansalu kamafuta, pakuti chinyezi cha kunyanja chimadya chitsulo. Pocheka musakanikize ndi mphamvu ngati mukupala mamba a nsomba. Kokani mofatsa, mano a sowo adye okha.

Akalipentala athu asade nkhawa. Zitseko, mabedi, makabati ndi maboti ndi zawo, anaziphunzira zaka, ndipo tidzapitabe kwa iwo ndi ndalama m'manja. Ife tikunena za tintchito timene mmisiri sangasiyire benchi yake, tomwe tikapanda kugwira tokha sitigwirika. Ndipo mtsikana wanu akaonetsa dzanja labwino pa sowo, musamukalipire kuti akuchita zachimuna. Sukulu za ntchito zamanja zimalandira atsikana, ndipo imodzi ili pakhomo pathu pompano, Salima Technical College.

Mphanda mukadula, bwezerani. Tsiku lodzala mitengo linayamba mu Januwale 1976, ndipo masiku ano ndi nyengo yathunthu, kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo. Keshya ndi nimu amamera okha pansi pa makolo awo mvula ikagwa. Zulani timbande tinayi mosamala ndi dothi lake, mudzale kumalire a bwalo, mutchingire ndi minga chifukwa cha mbuzi. Pamene thandala la chaka chino lizidzatha, mphanda zina zidzakhala zikukuyembekezani pakhomo.

Atsogoleri a magulu, pamsonkhano wanu wa mlungu uno yambani ndi makomo a agogo ndi a amayi oyembekezera, kenaka muzizungulira nyumba ndi nyumba, awiriawiri. Aliyense abwere ndi mphanda zake zosendasenda ndi zowaula kale, kuti tsiku lisathere pamoto. Mlungu wamawa tidzakambirana za khola la nkhunda, ndi mmene mungatchingire miyendo yake kuti mphaka ndi makoswe asakwere.