Ndani wapha sing'anga wanga?

Sing'anga wanga anamwalira Lachitatu usiku ine ndili m'tulo. Sanadwale, sanatsanzike. Kutacha, magetsi atabwera, ndinayatsa foni n'kupeza kuti mnyamata wina wa ku Kande walemba kuti bwato limene munali sing'angayo lagubuduzika pakati pa nyanja. Mmene ndimamaliza kuwerenga mauthenga n'kuti mtembo utavuulidwa, adzukulu atakumba, mfumu italankhula, anthu atabalalika. Wina anali atagawa kale katundu wa malemu, nsupa zanga zonse n'kupatsa mwini bala.

Musathamangire kudzandipepesa, sing'angayo ndi wam'sewero. Kuno ku Chintheche achinyamata ali ndi gulu la pa WhatsApp limene amapekeramo sewero pamodzi, ena ali ku Kande, ena ku Mpamba, ena ku Mzuzu, ena kutali ku Joni. Wolemba si mmodzi. Aliyense amatenga munthu wake, wina mfumu, wina mphunzitsi, wina mayi wogulitsa kanyenya, n'kumalemba zimene munthu wakeyo akunena ndi kuchita, Chichewa ndi Chitonga mosakaniza, anzake n'kumayankha. Nkhani imadzikulira yokha tsiku ndi tsiku. Ine anandikokeramo ndi mwana wa mlongo wanga, ati panasowa wosewera sing'anga wokalamba. Ndinavomera msanga podziwa kuti nkhalamba ya m'sewero imaloledwa kukalipira aliyense.

Nditamufunsa wakuphayo, anandiyankha mwaulemu ndithu. "Pepani amalume, nkhani inaima. Tinakuitanani kangapo, inu osayankha." Kangapo kakeko n'kapakati pa usiku, nthawi imene ali maso ndi asodzi a usipa okha ndi nyali zawo. Munthu wa msinkhu wanga azikhala tcheru pafoni tambala asanalire kuopa kuti amuphera munthu wake?

Inu nonse mukudziwa, ngakhale amene simunaonepo sewero lapafoni, kuti munthu wa mnzako sapheredwa. Ukhoza kulemba kuti mwera wawomba, mafunde akula, bwato ladzaza madzi. Pamenepo uime. Zoti sing'anga wamira, kapena wasambira mpaka kukatulukira ku Bandawe, kapena wapisa dzanja m'thumba n'kuletsa mphepo, nza mwini wake. Chibakera ponya, koma wonena kuti chafika pamphuno ndi mwini mphuno. Lamulo limeneli silifuna sukulu, koma pagulu lathu limathyoledwa sabata iliyonse, ndipo othyolawo amati akuthandiza kuti nkhani iyende.

Vuto lina, kunena zoona, n'lakuti sitisewerera pabwalo limodzi. Anzathu a ku Joni amaweruka kuntchito, n'kukhala pa Wi-Fi ya abwana, n'kumakhuthula mauthenga ngati alibe mawa. Wa kuno amagula kabandulo ka tsiku limodzi, akalowa n'kupeza mwana amene anamusiya ali m'mimba walowa kale sukulu. Ndiye pali enanso a mbali inayo, osowa osatsanzika. Mkazi wa mfumu anapita kumjigo n'chidebe pamutu mwezi watha, mpaka lero sanabwere. Mfumu ikudikira madzi osamba, mlandu wa malire waima chifukwa mboni ndi iyeyo, koma mwini wake tikumuona tsiku ndi tsiku akusintha zithunzi pa status. Kodi kulemba kuti "abale, bandulo yandithera, munthu wanga wapita kwawo kukaona odwala" kumadula ndalama zingati? Tikanamupatsa ndi kamba wapaulendo.

Koma chimene chimandiwawa kwenikweni ndi ichi. M'mudzi wathu wam'sewerowu, umene akuti uli m'mphepete mwa nyanja, mulibe msodzi ngakhale mmodzi. Mulibe wopalasa ngalawa, mulibe woviika chinangwa, mulibe wokanda kondowole. Muli mafumu atatu olimbirana mpando umodzi, abusa awiri amene onse amaona masomphenya, ndi anyamata osawerengeka amene angofika kumene kuchokera ku Joni pagalimoto yakuda magalasi. Aliyense ndi wolemera, aliyense ndi wokongola, aliyense akamenyana amapambana. Akuluakulu anati mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo ine mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sunena kuti mbewazo ndi zaulesi. Zonse zili jijirijijiri, koma iliyonse ikuganiza kuti masawo aika ndi mnzake. Pagulu lathu aliyense akufuna kulowa m'bala n'kugulira anthu mowa, koma wokhala pampando kuti aguliridwe mowawo palibe.

Ife amene tinakula tikusewera masanje tikukumbukira kuti pamafunika bambo, mayi, ana, komanso fisi. Palibe ankakondwa kusankhidwa ufisi, koma aliyense ankadziwa kuti popanda wobwera kudzaba ndiwo pamoto, masanjewo ndi kuphika chabe. Ndipo fisi wabwino ankadziwa kuti akamuthamangitsa ayenera kuthawa. Sankaima n'kunena kuti iye ndi fisi wa mfuti.

Apa ndiye mundilole ndibwerere ku nyimbo yanga yakale, imene ena mwa inu inakutopetsani: malipenga. Anawa amaganiza kuti zovala udindo wongoyerekeza zinayamba ndi foni. Agogo awo kuno ku Nkhata Bay anayamba kalekale, itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna amene anaona perete wa asilikali a King's African Rifles anabwerera kumudzi n'kusandutsa pereteyo gule. Gulu la malipenga limatchedwa boma, ndipo bomalo lili ndi kingi wake, akuluakulu a asilikali, dokotala ndi ena otero. Munthu amene dzulo anali kusoka ukonde pamchenga, lero wavala kabudula woyera wosita bwino, masokosi ofika m'mawondo, kandodo m'manja, ndipo anzake akumuchitira sawasha. Palibe amene amaseka. Onse agwirizana kuti kwa lero iyeyu ndi kingi.

Tsono taonani mmene zimayendera. Kingi ndi mmodzi. Ena onse ali pamzere, mwendo kunyamukira pamodzi, ndipo kumbuyo kuli oimba malipenga a zikho amene nkhope zawo anthu saziyang'ana n'komwe, chonsecho atangoleka kuuzira gule yense wafa. Woimba ng'oma sasiya ng'oma pakati pa nyimbo kuti akaone ngati usipa wafika padoko. Dokotala akamayendera mzere kuona ngati anthu asamba ndi kuchapa, wamkulu msinkhu amaima chilili kuyenderedwa ndi mwana wa dzana, chifukwa udindo wa m'bwalo ndi wa m'bwalo. Boma lina likabwera kudzacheza, eni mudzi amalipatsa bwalo livine mpaka limalize, kenako iwo n'kulowa. Mpikisano ulipo, woopsa ndithu, koma sunamvepo kuti kingi wa boma lina walowa pamzere wa alendo n'kulengeza kuti kapitawo wawo wamwalira. Amayi a chilimika nawonso chimodzimodzi, pofika nyengo ya chaka chatsopano aliyense amadziwa pamene aima ndi pamene atembenukire. Atonga timatchuka ndi ukhondo ndi kutchena, koma chimene chinasunga magule amenewa zaka zonsezi ndi anthu ovomera kuima kumbuyo.

Ngakhale pa zisudzo zenizeni ndi momwemo. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, anaseketsa dziko lino kwa zaka zambiri. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021. Anthu ambiri amakumbukira zopusa za Izeki, koma onereraninso bwino muone ntchito ya Jakobo. Iye ankamutchera mnzake mpira, n'kudabwa pamene payenera kudabwa, n'kupsa mtima pamene payenera kupsa mtima, kuti Izeki apeze pogwera. Akanakhala kuti onse awiri akufuna kukhala Izeki, bwenzi tikusintha wailesi.

Anawa akanditsutsa amati zimenezi n'zachikale, masewero awo anachokera kunja. Chabwino, tiyeni kunjako. Sewero la Dungeons & Dragons, limene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, ndi limene linafalitsa khalidwe loti anthu akhale pamodzi aliyense n'kutenga munthu wake, ndipo lero ambiri amasewerera pa intaneti, pa Discord ndi malo ena. Kumenekonso kuli mkulu wa sewero amene ntchito yake ndi kufotokoza dziko ndi kuweruza, ndipo zikavuta amaponya madayisi kuti aone ngati lupanga lalasa kapena laphonya. Azungu anafika pogula madayisi chifukwa anadziwa kuti munthu ukamusiya yekha, munthu wake sadzagonja mpaka kalekale.

Pali kenanso kamene sindingakasiye. Mtsikana amene amasewera mfiti pagulu lathu amaitha ntchito yake, moti ukamawerenga tsitsi limachita nyaunyau. Tsiku lina ali pamsika akugula tomato, mnzake wapagulu anakana kumuyankha moni, ati chifukwa anamulodzera mwana. Mwana wake uti? Wam'foni! M'dziko muno, mmene mawu akuti mfiti agwetsera nyumba za nkhalamba zosalakwa, nthabwala yotere siyofunika kutuluka nayo pagulu. Mbali inayo kuli anyamata amene akapatsidwa chibwenzi cham'sewero amathamangira ku inbox usiku kukafunsa ngati mawu aja anali ochokera pansi pa mtima. Achimwene, anali ochokera pa kiyibodi. Atsikana awiri anatuluka m'gulu chifukwa cha zimenezi, ndipo m'sewero tinangolemba kuti anakwera Ilala.

Onsewa akanawaweruza ndi adimini, koma adimini wathu ndi mmodzi wa mafumu atatu aja. Mlandu uliwonse umene wafika kwa iye umathera pakuti mfumu yake yapatsidwa mbuzi. Ukadandaula amatseka gulu kuti azilemba yekha, kenako n'kutsegula mawa lake ndi uthenga wakuti tiyeni tilemekezane. Ndamuuza mwana wa mlongo wanga kuti akafikitse mawu anga kwa anzake, ndipo ndikubwereza pano kuti asadzati sanamve. Uadimini uzizungulira mwezi ndi mwezi, ndipo amene wautenga azivula ufumu n'kusewera msodzi, wangongole, wa ukonde wong'ambika, mpaka mwezi wake uthe. Anandiyankha kuti, "Amalume, mukatero palibe adzafune uadimini." Ndinamuuza kuti andilembe dzina, ine ndiyamba.